Makina Oboolera pa Dothi la Amayi Anu

Agnesi ndi abale ako, za ubwana wanga ndazidumpha dala. Aliyense wa msinkhu wanga anawetapo mbuzi ndi kukwapulidwa ku sukulu, palibe chachilendo. Chimene ndikufuna chitsale pa pepala ndi nkhani ya makina oboolera matabwa amene aimirira m'shedi kuseri kwa nyumba. Mumaseka kuti nkhalamba yopanda bizinesi inasankha chitsulo chachitali ngati munthu. Sekani, koma muwerenge kaye, ndipo tiyambire kumene ndinayambira ntchito.

Chisepo, chaka choyamba pa ntchito

Ndinatsika lole pa Chisepo ndi sutikesi yachitsulo ndi pepala la ulangizi wa zaulimi, ndikudzimva ngati ndabwera kudzaphunzitsa Dowa yense kulima. Bwana wanga woyamba anali a Kamtema, munthu wamfupi, wothamanga m'kamwa, amene ankayamba nkhani ina asanamalize inzake. Anandipatsa njinga ya boma yopanda mabuleki, nandilozera nyumba yopanda chitseko chakumbuyo. Nditafunsa za chitsekocho anaseka. "Achimwene, chitseko cha chiyani? Musakhomemo ngakhale msomali. Kuno simunabwere kudzakhala. Akangoti samukani, mawa lake muli pa lole." Ndinkaganiza kuti akungondiopseza, koma ankanena zoona. Chitsekocho ndinachikhoma ndekha ndi matabwa a bokosi la mankhwala a mbewu, ndipo ndiwo matabwa oyamba amene ndinapala m'moyo wanga.

Ntchito imene anandiponyera inali ya ng'ombe zapangolo. Alimi a fodya anali atayamba kugula ng'ombe zokoka, ndipo ine ndinkayenera kuwaphunzitsa kuzisamala ndi kuzimanga pa goli. Ku ofesi kunalibe kalikonse. Mankhwala kulibe, matayala a njinga kulibe, ukafunsa ankangoti zikubwera. Goli, kwa inu amene simunagwirepo ngolo, ndi mtengo umene umagona pa makosi a ng'ombe ziwiri, ndipo umabooledwa kuti mulowe timitengo totsika mbali ndi mbali ya khosi. Alimi ankaboola ndi chitsulo chowotcha pamoto. Bowo likangopendekeka, kamtengo kamakhula ng'ombe mpaka khosi lichite bala, ntchentche n'kudzazapo, ng'ombe n'kukana ntchito pakati pa nyengo yotuta fodya. Mabala amenewo ndinawaona mpaka ndinayamba kudana ndi bowo lopendekeka kuposa wakuba. Nditangolandira malipiro ndinagula chiboolero chamanja chopukusa, n'kumayenda nacho mudzi ndi mudzi chitamangidwa pa keliyala. A Kamtema ankanditcha mlangizi wa mabowo.

Mmodzi wa alimi amene ndinawaboolera goli anali a Mateyu, mkamwini wochokera kutali, amene anakhala pa mudzi wa akazi awo mpaka imvi. Anali wolimbikira zoopsa. Anamanga nyumba ya njerwa zowotcha, nagula chigayo chaching'ono, nachimangirira pa simenti ndi manja awo. Chaka chomwecho akazi awo anamwalira. Maliro atatha, abale a mkazi anakhala pansi n'kuwasudzula, ndiko kuwamasula ku ukwati kuti abwerere kwawo. Ndinakumana nawo pa msewu akukankha njinga, atamangapo bulangeti, khasu ndi wailesi. Ndinatsika njinga yanga n'kufunsa, "Nanga chigayo chija, bambo?" Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Ndichinyamule bwanji, mwana wanga? Ndinachimangirira ndekha pansi. Akuti chatsalira ana, ndipo ana ndi awo." Sanatukwane munthu, anangopitiriza kukankha njinga kukwera chitunda. Ine ndinali mbeta nthawi imeneyo, koma mantha amene ndinatola pa msewu umenewo ndinakalamba nawo.

Kasakula, chaka cha ukwati

Atandisamutsira ku Ntchisi ndinakumana ndi amayi anu, Nambewe, pa munda wachitsanzo pafupi ndi Kasakula. Ndinkaphunzitsa katalikidwe ka mapando a mtedza, iwo n'kunditsutsa pamaso pa anthu kuti dothi la m'phiri sindikulidziwa. Ndinapsa mtima, ndinabwereranso mawa lake kuti ndikapitirize mkangano, ndipo mkanganowo unatifikitsa ku tchalitchi cha parishi. Ankhoswe atakhala pansi, funso linadzuka monga limadzukira kulikonse kuno: kodi mwamunayu akhala pa mudzi wa mkazi monga mkamwini, kapena apempha chitengwa kuti atengere mkazi kwawo ku Bowe? Atsibweni anu a Lufeyo, mlongo wa amayi anu, ndiwo anali ndi mawu. Anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka tsitsi, nati, "Wa boma ali ndi mudzi? Lero ali pano, mawa ali uko. Isiyeni nkhaniyi, tidzaikamba akadzapuma ntchito." Onse anaseka, inenso ndinaseka, ndipo nkhaniyo inasiyidwadi.

Zaka zosamukasamuka

Sindiwerenga malo onse amene tinakhalako, ena mukuwakumbukira nokha. Tinakwera ndi kutsika mapiri a Dowa ndi Ntchisi pa malole a feteleza, inu mutakhala pamwamba pa matiresi. Mabwana ankasintha, koma kusowa kwa zinthu sikunkasintha. Panali bwana wina amene anatipatsa njinga zamoto popanda mafuta, ndipo tinkazipukuta fumbi alendo akamabwera. Wina ankasamutsa munthu chifukwa chongomuyankha pa msonkhano, ndipo ine pakamwa panga mukupadziwa. Nyumba za boma zinali zabwino pa chinthu chimodzi. Sizinali za kwa Nambewe, sizinali za kwathu. M'menemo sindinali mkamwini, iwonso sanali mtengwa. Tinali anthu awiri ndi ana, basi.

Matabwa ndiwo anali mpumulo wanga. Loweruka masana ndinkapala timipando, mashelefu, timagalimoto tanu tija, osagulitsa, kungosangalatsa manja. Koma lamulo langa linali limodzi: chida chilichonse chizikwana m'bokosi. Ndinakhoma mabokosi okhala ndi zogwirira za chingwe, la macheka, la tchizulo, la misomali, moti tinkatha kusamuka dzuwa lisanapendeke. Anzanga ankandiyamikira kuti ndine wadongosolo.

Nthawi ina ananditumiza kufupi ndi Bowe, ndipo azakhali anu a Velonika anasangalala ngati ndabwerera ku nkhondo. Ine ndine mlongo wawo yekhayo, choncho ana awo akalakwa, akafuna kukwatira, kapena maliro akagwa, woyang'anidwa ndine. Tsiku lina ananditengera kuseri kwa nkhokwe zawo, nandilozera malo osalala pansi pa mitengo ya masuku. "Achimwene, apa ndi panu. Sindilola munthu kulimapo. Mukadzapuma mudzangobwera ndi malata." Ndinavomera ndi mutu. Chilimwe chomwecho amayi anu anali ku Kasakula akuumba njerwa pa malo a amayi awo, ndi phindu la mtedza wawo, ndipo nditapita kukaona ndinavomeranso ndi mutu. Akazi awiri ankandikonzera pokhala, ine ndili pakati ndi mabokosi anga.

Kasakula, chaka chopuma ntchito

Nditapuma tinabwera kuno chifukwa kuno n'kumene kunali denga, komanso amayi anu anali atayamba kuvutika ndi kuthamanga kwa magazi ndipo ankafuna kukhala pafupi ndi abale awo. Ku Bowe ndinatumiza mawu akuti n'zongoyembekezera. Kupuma ntchito kunandivuta, ana anga. Ndinkadzuka m'mamawa, kusamba, kuvala malaya ositidwa, kenako n'kuima pa khonde osadziwa kolowera. Ndinkapita ku msika osagula kanthu, kubwerera, kupitanso. Ndinkaima m'minda ya anthu kuwauza za mizere, iwo n'kumandiyankha mwaulemu uku akudikira kuti ndichoke. Amayi anu anatopa nane. "AMwale, mukundizunguza mutu. Kapaleni matabwa anu aja." Ndinamanga shedi ya mitengo ndi malata akale, pansi pake posathira simenti, n'kulowetsamo mabokosi. Zida ndinkatulutsa m'mawa, madzulo n'kubwezeramo.

Ndi mmene ndinazindikirira kuti manja anga ayamba kunjenjemera. Kupala ndinkapala, kucheka ndinkacheka, koma kuboola kunandikana. A Lufeyo anandibweretsera mtengo wa bulugama kuti ndiwapangire goli, ndipo ine, mlangizi wa mabowo, ndinaboola bowo lopendekeka. Ndinadula, ndinayambanso, linapendekekanso. Ndinaponya chiboolero kunja kwa shedi n'kukhala pa chitsa ndili ndi ukali. Iwe Agnesi unamva nkhaniyi kwa amayi ako pa foni, ndipo unati undigulira makina amagetsi, popeza waya anali atafika m'mudzi muno kuchokera ku msika. Unanditumizira zithunzi za mitundu iwiri. Ena anali afupi, oika pa tebulo, oti munthu mmodzi n'kuwanyamula. Ena anali oimirira pansi, okhala ndi mzati wachitsulo wofika m'mutu mwa munthu, ndipo phazi lawo linali ndi mabowo a mabawuti.

Ndinaziyang'ana zithunzizo mpaka foni inkatha moto. Maso anga ankathamangira kwa aatali, koma akafika pa mabowo a m'phaziwo ndinkadzuka n'kuyamba kuzungulira nyumba. Masana ena amayi anu akusenda mtedza pa khonde, ndinawauza kuti ndasankha aafupi.

"Bwanji osatenga aakuluwo?" anafunsa osadzutsa mutu. "Si amene mwakhala mukuwadyerera maso?"

"Aang'onowa savuta kunyamula."

Manja awo anaima m'lichero. "Kunyamula kupita kuti?"

Anaika lichero pansi. "AMwale, mabokosi anu aja ndimasesa mowazungulira. Chingwe chilichonse chili m'malo mwake. Ine ndikumeza mapiritsi m'mawa uliwonse, inu mukuyeza zimene zingakwane pa njinga. Mukudikira ndimwalire kuti munyamuke."

"Kunyamuka? Adzandinyamutsa ndi abale anu! Ndinawaona a Mateyu ndi maso angawa."

"Munakwatira a Mateyu kapena ine?" Mawu awo sanakwere, ndipo ndicho chinandiwawa. "Ndakutsatirani m'nyumba zodontha moyo wanga wonse. Nanenso ndimafuna ndione mwamuna wanga atakhala pansi pakhomo panga ndisanafe. Gulani aang'onowo. Ndizidzaona m'mawa uliwonse kuti mwakonzeka."

Anatola lichero n'kulowa m'nyumba. Ndinakwiya, chifukwa mantha anga sanali opeka, ndipo ndinachita manyazi, chifukwa zimene ananena zinali zoona. Masiku otsatira tinkayankhulana za mchere ndi nyengo basi.

Mkamwini sathira simenti pa dothi la eni popanda kupempha, choncho ndinapita kwa a Lufeyo. Ndinawapeza m'chigafa akusoka fodya. Ndinazungulira nkhani, za mvula, za mitengo, mpaka anandidula. "Alamu, khalani pansi, mukuopseza nkhuku. Mwabwerera chiyani?" Ndinafotokoza za makina ndi mabawuti. Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye nkhani ija tinaisiya pa ukwati yafika ndi chitsulo? Simenti thirani, dothi silidandaula." Ine sindinadzuke. Anandiyang'ana, kuseka n'kutha. "Koma ngati mwabwera kudzapempha lonjezo, ndilibe. Ine ndine wamkulu kwa Nambewe, mwina ndidzatsogola ndine. Tsiku limenelo pa mphasa padzakhala anyamata a pa mudzi panowa, ndipo mitima yawo sindiidziwa. Ndikunamizeni chifukwa chiyani?" Ndinatuluka m'chigafamo ndi chilolezo cha simenti, koma mtima uli m'malere kuposa mmene ndinalowera.

Lilongwe, chilimwe chotsatira

Agnesi, ukukumbukira mmene unachitira manyazi nditatsika minibasi ndi chidutswa cha goli m'thumba la feteleza. Ndinkafuna makina ayesedwe ndi mtengo weniweni, osati ndi pakamwa pa wogulitsa. Tinalowa m'sitolo ya zitsulo, ndipo ndinapempha kuti tiyambe ndi aafupi, chifukwa mumtima ndinkafunabe kuti apambane. Chidutswacho chinalowa movutikira pansi pa mutu wa makina. Nditatsitsa chogwirira, biti, kachitsulo kozungulira kamene kamadya thabwa, inangofika pakati pa mtengo n'kuima. Wogulitsa anati, "Palibe vuto, bambo, mumangotembenuza mtengo n'kuboola mbali inayo." Ndinamufunsa ngati anaonapo khosi la ng'ombe. Mabowo awiri okumana pakati sakumana bwino, amasiya chitunda m'kati, ndipo kamtengo kamalowa mopendekeka. Ndikanakhala ndagula magetsi kuti andichitire zomwe manja anga onjenjemera ankachita kale.

Aatali analipo amitundu ingapo. Ena anali okongola utoto, koma nditagwira mutu n'kugwedeza, mzati wonse unavina, phazi lake lopyapyala ngati chivundikiro cha poto. Ena nditamangamo biti yaitali n'kuyatsa, nsonga yake inkajambula kabwalo m'malo moima pamodzi, ndipo amenewo ndinawasiya. Pakona panali ena otuwa, osakongola, a chitsulo cholemera. Tebulo lawo linkakwera ndi kutsika ndi chopukusira, moti mwendo wa mpando ukhoza kuimirira pansi pake. Pamwamba panali chivundikiro, m'kati muli malamba oti ukawasuntha makina amayenda pang'onopang'ono, mmene biti yaikulu imafunira kuti isapsereze mtengo. Panalinso kachitsulo koimitsa biti pa kuya kumene wafuna. Ndinaika chidutswa changa, n'kutsitsa chogwirira ndi dzanja lomwe lija lonjenjemera. Biti inadutsa mtengo wonse kamodzi. Ndinanyamula chidutswacho n'kusuzumira, ndipo ndinaona kuwala kwa pakhomo, bowo lili lowongoka bwinobwino. Misozi inalengeza, ndinanamizira utuchi.

Pamenepo wogulitsa anati, "Koma awa, bambo, musakangowaimika. Mutu ndi wolemera, akagwa aphwanya munthu. Muthire simenti yokhuthala, mabawuti alowe m'kati." Ndinaika mtengo pansi n'kutuluka m'sitolo. Ndinayenda mpaka kumapeto kwa msewu, kubwerera, kupitirira pakhomo, kuyendanso. Iwe unanditsatira ndi nsapato zako zazitali. "Ababa, chavuta n'chiyani? Ndi makina chabe." Unakulira m'nyumba za boma, sukanamvetsa. Ndinali ndi mantha, mwana wanga, mantha a nkhalamba imene ikuona tsiku lodzakankha njinga pa chitunda anthu akuyang'ana. Palibe amene anandilonjeza kanthu. Koma ndinaonanso amayi ako akulowa m'shedi m'mawa uliwonse n'kupeza timakina toti n'kunyamula, titakhala pa tebulo kudikira maliro awo. Zimenezo sindikanatha kuwachita. Ndinabwerera m'sitolo n'kuloza otuwa aja ndisanasinthe maganizo.

Makinawo anakwera mapiri a Ntchisi atagonekedwa pa lole ya feteleza, ine nditakhala pambali pake ndikugwira mzati pa bampu iliyonse. Pofika pakhomo anthu anasonkhana ngati kwabwera mkwatibwi. Amayi anu anatuluka, anayang'ana kutalika kwa chitsulocho, anayang'ana ine, nati, "Ndiye muimirira pomwepo? Mchenga uli ku dambo." Tsiku lothira simenti anatulutsa mpando n'kukhala pakhomo pa shedi, akulamula amuna ngati kapitawo wa pa esiteti. Nditaimika mabawuti m'simenti yaiwisi anati, "Akanikizeni alowe ndithu." Sabata yomweyo ndinakhoma mashelefu pa khoma n'kupachika zida zonse poyera. Mabokosi anawatenga iwo n'kusungiramo mbewu ya mtedza.

Mbiri inafika ku Bowe ine ndisanapiteko. A Velonika anabwera okha, anakana kulowa m'nyumba, anapita molunjika ku shedi. Anagwada n'kugwira mutu wa bawuti ndi chala. "Achimwene, ndimayesa anthu akunama." Ndinati ndizibwerabe pa milandu ndi pa maliro, msewu ulipo. "Kubwera ngati mlendo," anatero. "Malo aja ndakhala ndikukangana ndi ana anga kuti asalimepo. Ndinkasungira yani?" Amayi anu anawakonzera chakudya, koma anati sakumva njala, ndipo anabwerera tsiku lomwelo. Sindinganene kuti analakwitsa. Anali ndi mlongo mmodzi, ndipo ndinawatengera ameneyo.

Dzinja lapitali

Nthawi imene tinakhala ndi makinawo tili awiri inali yochepa, koma inali yabwino. Magetsi akayaka ndinkathamangira ku shedi ngakhale pakati pa kudya, chifukwa kuno sudziwa kuti azima liti. Ndinapanga magoli a mudzi wonse, mipando ya mlombwa, ndi mpando wokhala ndi manja wa amayi anu, umene ankakhalapo m'shedi momwemo akudandaula za phokoso koma osachoka. Kuzungulirazungulira kwanga sikunathe, koma kunapeza pozungulira.

Mmene amayi anu anapitira mukudziwa, munalipo, ndipo sindilemba. Zimene simunaone ndi za tsiku losudzula, chifukwa munali mutabwerera ku ntchito. Tinakhala pa mphasa pansi pa mango. A Lufeyo anali moyo, ngakhale ofooka, koma monga ananenera, anyamata anali ndi mawu awo. Mmodzi wa iwo anati shediyo ndi yabwino kusungiramo fodya, ndipo makina akhoza kubwerekedwa kwa akalipentala a pa msika kuti azithandiza ana. Anayankhula mwaulemu kwambiri, osandiyang'ana. A Velonika anali atabwera ndi kalole kobwereka, kataima pa msewu. Miyendo yanga inkafuna kudzuka, ndinaigwira ndi manja.

A Lufeyo ananena mawu a mwambo. "Alamu, mlongo wathu munamusunga bwino mpaka mapeto. Takumasulani. Mlandu ndi inu tilibe." Kenako anawonjezera, "Nanga inu mukuti bwanji?"

"Ndikupempha kukhala," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndinabwereza. "Ndikupempha kukhala pompano."

Azimayi a pa mudzi, azing'ono a amayi anu, anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba kukanong'onezana. Atabwerera wamkulu wawo anati ndikhale, koma nyumba ndi shedi ndi za inu ana, ndipo m'nyumba ya Nambewe musadzalowe mkazi wina. Ndinati pa msinkhu uno mkazi wina angandione ndani, anthu anaseka pang'ono, mnyamata uja anangoyang'ana pansi. Ndinkayesa zatha. Koma a Velonika anakonza chitenje chawo n'kuyankhula, osati kwa ine, koma kwa a Lufeyo.

"Wamoyo ndakusiyirani, popeza wasankha yekha. Koma tsiku lake likadzafika, mtembo ndi wathu. Akagona ku Bowe pafupi ndi amayi ake. Apa ndiye sindigonja."

Onse anatembenukira kwa ine. Manda a amayi anu ali kutsidya kwa dambo, ndimawaona ndikaima pakhomo pa shedi, ndipo ndinali nditadziuza kale kuti ndidzagona komweko. Ndinayang'ana mlongo wanga, wokalamba, atabwereka galimoto yoti ibwerera yopanda kanthu. Ndinati, "Ndavomera."

Ndiye mverani, ana anga. Tsikulo likadzafika musadzakangane ndi azakhali anu kapena ana awo. Mudzandipereke, ndinavomera ndekha pamaso pa anthu, ngakhale zimandidya mumtima kuti sindidzagona pafupi ndi amayi anu. Koma pasadzapezeke wina wa inu wobwera ndi sipanala, kaya kuti agulitse, kaya kuti andiperekeze nawo. Ine adzanditenga. Makinawo atsale pamene amayi anu anati ndiwakanikize.